Uta Umakungidwa ndi Nsinga

Liwu loti chingwe likumeza anzake. Pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje, chomangira mbuzi ndi chingwe, chomangira katundu pakabaza ndi chingwe, choyanikapo zovala ndi chingwe, ndipo zonsezi n'zoona. Koma mukafunsa mwana wasukulu dzina la chimene chimakoledwa kunsonga ziwiri za uta, nachonso akuti ndi chingwe. Agogo ake akanamuwongolera msanga kuti ndi nsinga. Ena amati palibe kanthu bola tamvana. Ine ndikuti kanthu kalipo, chifukwa m'liwu loti nsinga muli luso lonse la mlenje, ndipo liwulo likatayika lusolo limatayika nalo.

Chingwe ntchito yake ndi kumanga. Chikhale chachikulu, cholemera kapena chotamuka pang'ono, mbuzi siithawa. Nsinga ntchito yake ndi kukungika. Iyenera kukhala yaing'ono, yopepuka, yolimba, yosatamuka, ndipo ukaikhudza ndi chala iyenera kulira. N'chifukwa chake liwu lomweli timaligwiritsa ntchito pa bangwe, pa zeze, pa kaligo ndi pa gitala. Woimba bangwe sanena kuti chingwe chaduka. Makolo athu anaona kuti uta wa mlenje ndi choimbira cha woimba zili pachibale, ndipo mkangala umene amayi ankaimba ndi uta ndithu.

Ana ambiri lero amadziwa legeni kuposa uta, ndipo apa ndi pamene kusokonezeka kumayambira. Mu legeni mphamvu imasungidwa mu labala wodulidwa kuchubu cha njinga, pamene mphanda yake imangogwirira. Mu uta zinthu n'zosiyana. Mlenje akakoka, chimene chimapindika ndi mtengo, ndipo mphamvu ya dzanja lake imasungidwa mumtengomo. Akataya, mtengo umawongoka, nsinga n'kupereka mphamvuyo kumuvi. Nsinga ikakhala yotamuka imadya gawo la mphamvuyo, muvi n'kuchoka mwaulesi ndi kukagwa pafupi. Ikakhala yolemera, mtengo umataya mphamvu ina pokankha nsinga yomweyo. Ikakhala yonenepa kuposa kamphanda kakumbuyo kwa muvi imang'amba bango kapena kuugwira muvi mochedwetsa, ndipo ikachepa kwambiri muvi umagwedera n'kuchoka mokhota. Mnyamata amene wauzidwa kuti uta umafuna chingwe atola chilichonse. Wouzidwa kuti umafuna nsinga afunsa kaye kuti nsinga yabwino ndi yotani.

Yankho lake alenje ankalidziwa ndi manja. Ankalenga chikopa cha nyama m'tizidutswa tatitali topyapyala, n'kutinyika, kutipota, ndi kutiyanika tili chikokere mpaka titauma gwa. Ena ankatenga mitsempha ya nyama. Ena ankapota luzi kapena khonje pantchafu, dzanja likuyendetsa timiyendo tiwiri ta ulusi kutsogolo kenaka kumbuyo, mpaka tilumikizane mofanana popanda potupa kapena poonda. Chilichonse chinali ndi khalidwe lake. Chikopa ndi mtsempha zimalimba koma zimamwa chinyontho. Kuno ku Mulanje, kumene chiperoni chimatha kukuta phiri masiku angapo, nsinga yachikopa imakhwepa, mpata wa pakati pa iyo ndi mtengo n'kuchepa, ndipo muvi umene dzulo unkafika patali lero ugwera panjira. Nsinga yaulusi wa zomera siikhwepa msanga ndi chinyontho, koma imaperepeseka pamene pamakhala muvi ndi zala, n'kuyamba kunyotsoka.

Nkhaniyi si yathu yokha. Ahadza a ku Tanzania amapota nsinga zawo kuchokera ku mitsempha ya nyama zazikulu. Ku Japan, uta wawo wautali ankaukunga ndi ulusi wa chomera wopakidwa utomoni. Olemba mbiri ya nkhondo ya ku Crécy ya mu 1346 amasimba kuti mvula inanyowetsa nsinga za asilikali a ku Genoa, mauta awo n'kufooka pamaso pa Angerezi. Masiku ano ochita masewera a mauta amagwiritsa ntchito ulusi wa kufakitale monga Dacron, umene umatamuka pang'ono, ndi Dyneema, umene pafupifupi sutamuka. Dyneema imathamangitsa muvi, koma pa uta wamtengo wosalimbitsidwa kunsonga imatha kuung'alula, chifukwa kugunda konse kumabwerera kumtengo. Areneo David atapita ku Rio de Janeiro mu 2016, monga Mmalawi woyamba kupikisana pa masewera a mauta ku Olimpiki, zonsezi zinali zosimbika bwinobwino m'Chichewa. Mawu tili nawo.

Tiyeni tiwaike m'malo mwake. Uta umakungidwa: uku ndi kupinda mtengo ndi kukola nsinga kunsonga zake, monga momwe ng'oma imakungidwira chikopa. Ukakungidwa umakokedwa. Muvi umaponyedwa. Ukafika pa nyama n'kulowa, mlenje walasa. Ukadutsa pambali, waphonya. Pakati pa kuponya ndi kuphonya pali chilembo chimodzi chokha, ndipo olemba ambiri amachisiya, mlenje amene anabwerera chimanjamanja n'kumveka ngati anangotaya muvi. Tinene kuti anaponya muvi koma anaphonya gwape. Kuwombera n'kwa mfuti, chifukwa mfuti imawomba, ndipo kunena kuti munthu wawomberedwa ndi muvi ndi kuika phokoso pamene palibe. Kubaya n'kwa chinthu chimene chili m'dzanja, monga mpeni kapena jakisoni. Muvi umalasa. Mwambi womwe umatichitira umboni: mbalame ikatera pa uta siilasika.

Muvi nawo uli ndi ziwalo zake. Thupi lake ndi bango, kumbuyo kuli nthenga zouwongolera, kutsogolo kuli mpaliro wachitsulo wosulidwa ndi mmisiri. Mivi imanyamulidwa m'phodo. Mankhwala akupha opaka kumpaliro ndi ulembe, ndipo umodzi mwa ulembe wotchuka unkachokera ku kombe. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'chigwa cha Shire pa ulendo wa 1858 mpaka 1864, anatenga kombe kwa Amang'anja, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapezamo mankhwala a mtima. Mpaka lero akatswiri a zomera dziko lonse amachitcha chomeracho Strophanthus kombe. Alendo anasunga dzina limene makolo athu anapereka, pamene adzukulu a eni dzinalo ambiri sanalimvepo.

Amene akukayika afufuze m'mabuku. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anasindikiza buku lake lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892, nthawi imene uta unali chida cha tsiku ndi tsiku. Buku Lopatulika la mu 1922 lili ndi uta, nsinga ndi phodo, ndipo Akhristu a pa Chinakanaka amawamva mawuwa m'Masalimo. M'mabuku akalewo mudzapeza mubvi ndi mibvi. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inatulutsa kuyambira mu 1973 ndiwo anatipatsa muvi ndi mivi. Polemba titsate malamulowo, koma gogo akamatchula mubvi tisamuseke, chifukwa akutchula monga Amang'anja ankatchulira. Tisamalenso mgwirizano wa mawu: uta wanga wathyoka, mauta athu athyoka, nsinga yanga yaduka, nsinga zathu zaduka.

Sindikuitanitsa uzimba m'nkhalango ya phiri la Mulanje, imene ndi yotetezedwa ndi lamulo. Nyama zitsale, koma mawu asafe pamodzi ndi nthawi ya alenje. Uta uli m'dzina la Chauta, uli mu utawaleza, uli m'miyambi imene timalangizira ana, monga uja wa muvi woyang'anira umene suchedwa kulowa m'maso. Mwana amene sanagwirepo uta amaloweza zonsezi osazimva. Choncho aphunzitsi a Chichewa, pofika pa miyambi imeneyi, itanani mkulu wa m'mudzi amene amadziwa kupota. Abwere ndi mtengo umodzi ndi nsinga ziwiri, yakhonje ndi yachikopa, akunge uta ana akuona, aponye muvi wopanda mpaliro pabwalo, kenaka anyowetse nsingazo aponyenso. Ana ayeze ndi mapazi pamene muvi wagwa, ndipo alembe zimene aona ndi mawu oyenera. Atolankhani ndi owulutsa mawu pawailesi nawo, akamasimba za masewera a mauta, anene kuti wopikisana wakunga uta, wakoka nsinga, waponya, walasa kapena waphonya.