Karafuu, kokonati ndi Anyasa a ku Mbweni

Makilomita ochepa kummwera kwa Stone Town, pa chilumba cha Unguja ku Zanzibar, kuli malo otchedwa Mbweni. Alendo amapitako kukapumula. Kuli hotela yomangidwa pambali pa mabwinja, munda wa mitengo ya mtundu wa kanjedza, ndi gombe lomwe mafunde akaphwa limaonetsa mizu ya mikoko, mitengo ija yomera m'matope a madzi amchere. Otsatsa malo ngati amenewa amakonda kunena kuti kuno chilengedwe chili monga chinalili pachiyambi. Kunena za mikoko, sakunama, chifukwa inamera yokha. Koma mitengo yambiri yomwe yapatsa Zanzibar fungo lake ndi mthunzi wake inachita kudzalidwa, ndipo ambiri mwa oidzalawo anachokera kunyanja yathu ino.

Tiyambe ndi karafuu, zonunkhiritsa zakudya zooneka ngati timisomali takuda. Mtengo wake si wa mu Africa. Kwawo ndi kuzilumba za Maluku ku Indonesia, komwe Adatchi ankaulondera kuti mbande zake zisatuluke. Mfalansa wina, Pierre Poivre, anakonza zozembetsa mbandezo ndipo zinafika ku Mauritius mu 1770. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 mtengowu unali utafika ku Unguja. Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, ataona phindu lake anatsegula minda yake ndi kulimbikitsa Aluya anzake kuti adzale. Pofika 1840 iye anali atasamutsira likulu lake ku Zanzibar.

Karafuu ndi mbewu yadyera pa nkhani ya manja. Mtengo umatha zaka zingapo usanayambe kubereka, ndipo chomwe amakolola si chipatso ayi, koma duwa lisanamasule. Mukachedwa n'kumasula, mtengo wake pamsika watsika. Choncho munthu amakwera mtengo wautali wa nthambi zosachedwa kuthyoka, n'kumabudula timagulu ta maluwawo. Madzulo amakhala pansi kuchotsa mapesi, kenako kuyanika pamphasa masiku angapo mpaka zide. Munda wa mitengo zikwi umafuna khamu la anthu pa nthawi imodzi. Kokonati nayenso anali ndi ntchito yake: kukwera, kusenda, kuswa ndi kuyanika mnofu wake kuti akayenge mafuta. Eni minda anapeza manjawo pogula anthu.

Apa ndi pomwe mbiri ya gombeli ikukumana ndi yathu. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kunka kutsidya la kummawa. Mafumu achiyao monga Makanjira ndi Mataka ankatumiza maulendo awo kugombe. Njira zambiri zinkathera ku Kilwa, komwe anthu ankawakweza m'zombo za ku Zanzibar. Kumeneko Mchewa, Mmang'anja ndi Mnyanja ankasanduka mtundu umodzi, Wanyasa. Dzina la mudzi, la mfunda ndi la malume linkatsala m'njira.

Mu Epulo 1872 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja, n'kusiya ya ku Pemba. Kuyambira pamenepo Pemba ndiye anakhala nkhokwe ya mbewuyi. Chaka chotsatira, mu 1873, Sultan Barghash anasaina pangano lotseka msika wa akapolo, atapanikizidwa ndi nthumwi ya Britain, John Kirk. Dzinali si lachilendo kwathu. Kirk anali dokotala ndi katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone, anafika naye pa nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo mapiri a Kirk Range amatchedwa dzina lake. Ku Mbweni anali ndi nyumba ndi munda woyeserera mbewu zochokera kumaiko ena, ndipo ankatumiza zomera ku Kew Gardens ku London. Mabuku a zomera amamukumbukira bwino. Omwe ankakumba maenje ndi kutunga madzi othirira mbande zakezo satchulidwa.

Pafupi ndi munda wa Kirk panali mudzi wa mtundu wina. Amishoni a Anglican a UMCA anagula malo ku Mbweni mu 1871, ndipo mu 1874 Bishopu Edward Steere anakhazikitsapo mudzi wa anthu omasulidwa, ambiri a iwo olanditsidwa m'zombo zomwe Angerezi ankagwira panyanja. Mabwinja omwe alendo amajambulitsapo lero ndi a sukulu ya atsikana ya St Mary's, yomwe Caroline Thackeray anaitsogolera zaka zambiri. Atsikana ophunzira m'zipinda zimenezo anali ana ochotsedwa kwawo, ndipo ena mwa iwo chilankhulo chawo choyamba chinali chomwe ndikulembachi. Ine sindiona vuto kuti munthu apumule pamalopo ndi kumwa madzi a kokonati. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti mawu oti "akapolo omasulidwa" amanenedwa ngati anthuwo analibe kwawo, pomwe kwawoko n'kodziwika ndipo basi imafikako.

Kutseka msika sikunamasule omwe anali kale m'minda. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo ku Zanzibar ndi Pemba mu 1897, ndipo ngakhale apo munthu ankayenera kukadzipemphera ufulu kubwalo la milandu. Ambiri anatsalira m'minda momwemo, akulima chinangwa ndi nthochi pakati pa mizere ya karafuu. Mwini munda ankalola chifukwa kulimako kunkapalirira mitengo yake. Wolemba mbiri Frederick Cooper anafotokoza za moyo umenewu m'buku lake la 1980, From Slaves to Squatters. Nkhani ya mwini nthaka ndi mwini thukuta inakhala ikutukusira mpaka kuukira boma kwa mu Januwale 1964, pomwe minda ikuluikulu inalandidwa ndi kugawidwa.

Ena a ku Mbweni anayesa kubwerera. Mu 1876 Steere ananyamuka ndi gulu la omasulidwa, cholinga chili chokafika nawo kunyanja ya kwawo. Atayenda mtunda wautali kuchokera ku Lindi, anafika pa Masasi, kummwera kwa Tanzania wa lero, komwe anapeza chakudya ndi nthaka yabwino. Anthuwo anakana kupitirira, ndipo anamanga mudzi pomwepo. Mishoniyo inadzakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo ena mwa aphunzitsi ake oyamba anali anyamata ophunzitsidwa ku Kiungani, sukulu ya UMCA yomwe inali pagombe lomwelo, pakati pa Mbweni ndi Stone Town.