Chidindo cha pa Fayilo: Kuchokera ku Kaundula wa Boma Kufikira pa Kompyuta

Nkhani yathu ya lero tiyambira pa boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, dziko la Asenga, kwa mafumu Kambombo, Tembwe ndi Chikwa. Boma limeneli linali m'chigawo cha Kum'mawa, ndipo makalata ake anali kupita ku Chipata. M'chaka cha 2011 Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa chigawo cha Muchinga, nasamutsira Chama kumeneko, pansi pa likulu la Chinsali. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema analibwezeranso Kum'mawa. Koma kalata yolembedwa m'zaka khumi zimenezo sinasinthe yokha ayi. Dzina la Muchinga likali pamutu pake. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tiifunanso kutsogoloku: chinthu chikasamuka, chimapita ndi chizindikiro chake chakale.

Chiyambire nthawi ya atsamunda, maofesi a boma anali ndi chipinda cha kaundula, mosungira mafayilo. Pa chikuto cha fayilo yachinsinsi anali kudindapo mawu akuti Confidential, Secret kapena Top Secret. Kalaliki amene analemba kalatayo ndi dzanja lake analibe mphamvu yoonetsa mlamu wake, ngakhale atamkhulupirira chotani. Chimene chinali kulamula ndicho chidindo, osati mtima wa wolemba. M'Zambia muno lamulo la State Security Act la mu 1969 linaika chilango chachikulu kwa munthu woulula zinsinsi za boma.

Makompyuta atayamba kusunga zolembedwa, mwambo umenewu unatayika. M'dongosolo la Unix, limene linayamba ku Bell Labs ku America mu 1969, mwini fayilo ndiye anali kusankha amene angaiwerenge. Choopsa chake chinali ichi: pulogramu iliyonse imene munthu waitsegula imatenga mphamvu zonse za munthuyo. Tsono pulogramu yachinyengo ikalowa, ikhoza kugawira alendo zinsinsi zake, mwiniwake osadziwa kanthu. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Asilikali a ku America, amene anali ndi zambiri zobisa, anafunafuna njira ina. Mu 1973 David Bell ndi Leonard LaPadula, a ku bungwe la MITRE, analemba malamulo awiri osavuta. Loyamba: wamng'ono asawerenge fayilo ya chidindo choposa msinkhu wake. Lachiwiri: wamkulu asalembe chinsinsi m'fayilo ya chidindo chochepa, kuti chisatayikire pansi. Mu 1983 unduna wa zachitetezo wa dzikolo unasindikiza malamulo otere m'buku lodziwika ndi dzina lakuti Orange Book. Apa ndi pamene chidindo cha m'kaundula chinalowa m'makina, ndipo mlonda wake anakhala makinawo, amene sapembedzeka ndiponso salandira chiphuphu.

Kwa zaka zambiri makina otere anali odula, a maboma okha. Koma mu December 2000 bungwe la NSA la ku America linapereka kwaulere pulogramu yotchedwa SELinux, ndipo mu 2003 inalumikizidwa ku mtima wa dongosolo la Linux. Pamenepa fayilo iliyonse ili ndi chizindikiro cha magawo anayi: munthu, udindo, mtundu ndi msinkhu. Pulogramu iliyonse ilinso ndi chizindikiro chake, ndipo pali buku la malamulo lonena mtundu wa fayilo umene pulogramu yakutiyakuti iloledwa kukhudza. Chimene sichinalembedwe m'bukumo ndi choletsedwa. Mafoni a Android anayamba kulandira dongosololi mu 2013, ndipo mu 2014 linayamba kulamula mbali zonse za foni. Choncho mlimi wa mpunga ku Chama, potumiza ndalama ndi foni yotere, ali ndi mlonda ameneyu m'thumba mwake.

Tsono tibwerere ku mfundo yathu ija. Mlonda sayang'ana nkhope, amayang'ana chidindo. Ndipo chidindo chikalakwika, amabweza ndi mwininyumba yemwe. Tiyerekeze kalaliki amene walemba fayilo m'malo ake a pa kompyuta. Fayiloyo ilandira chizindikiro cha mtundu wa user_home_t. Kenaka aisamutsira kumalo a masamba a pa intaneti, kumene mafayilo ayenera kukhala a mtundu wa httpd_sys_content_t. Akadaikopera, fayilo yatsopanoyo ikadatenga chizindikiro cha kumalo atsopano, monga mwana wobadwira m'mudzi. Koma poti waisamutsa, yapita ndi chizindikiro chakale, monga kalata ija ya Muchinga. Pulogramu yoonetsa masamba ikafuna kuiwerenga, mlonda akana, nalemba m'buku lake kuti wakana.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chifukwa cha changu ndi mkwiyo, amalemba lamulo lakuti setenforce 0, limene limamuuza mlonda kuti angopenya, asaletse kanthu. Ntchito iyendadi, koma kuli ngati kuzula chitseko chifukwa kiyi yavuta. Wodziwa ntchito amafatsa. Choyamba awerenga buku la mlonda kuti aone chimene chakanidwa. Ndi lamulo lakuti ls -Z aona chizindikiro chimene fayilo ili nacho. Kenaka alemba restorecon, lamulo limene limayerekeza chizindikirocho ndi chimene buku la malamulo likunena pa malo amenewo, nilichikonza. Ngati malowo ndi achilendo, osalembedwa m'buku, ayamba wawalembetsa ndi semanage fcontext, ndipo pambuyo pake restorecon. Lilipo lamulo lina, chcon, limene limasintha chizindikiro pomwepo. Koma poti silikhudza buku, tsiku limene makina adzadinda mafayilo onse mwatsopano, ntchito yake idzafafanizika. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Nayenso wokonza makina asathamangire njira yachidule.

Mwina wina afunsa kuti zimenezi zitikhudza bwanji ife akumudzi. Zipatala zambiri za m'Zambia zimasunga mbiri ya odwala pa kompyuta, ndipo lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofuna kusamalidwa mwapadera. Mayi amene wayenda mtunda wautali kukayezetsa magazi amadalira kuti zotsatira zake zidzaonedwa ndi namwino yekha, osati mudzi wonse. Chidindo chikalakwika n'kukhwima, namwino atsekeredwa kunja ndipo wodwala adikira. Mlonda akachotsedwa, chinsinsi chikhala pabwalo. Kalaliki wa m'kaundula akapeza chidindo cholakwika sanali kuthyola kabati. Anali kupita kwa mkulu wake kuti chikuto chidindidwe bwino. Osunga makompyuta athu achite chimodzimodzi.