Kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi nkhani ya Mboni za Yehova

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse la Malawi mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi cha MCP. Kalatayo imakumbukika ngati chiyambi cha kusintha kwa ndale. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri nchakuti idatuluka gulu lina laling'ono la Akhristu, Mboni za Yehova, litazunzika kale kwa zaka 25 popanda mpingo waukulu wolilankhulira poyera.

Boma lidaletsa gululi mu Okutobala 1967. Mlandu wake udali umodzi: mamembala ake ankakana kugula khadi la chipani, ponena kuti chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa ndale. Msonkhano waukulu wa MCP wa mu Sepitembala 1972 udagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito, asaloledwe kuchita malonda, ndiponso athamangitsidwe m'midzi. Apayoniya ndi achinyamata a chipani adatentha nyumba, adamenya anthu, adagwiririra amayi, ena nkuphedwa. Zikwizikwi adathawira ku msasa wa Sinda Misale kum'mawa kwa Zambia, ena ku Mozambique. Omwe adabwezedwa kwawo mu 1975 adapezanso mavuto omwewo, ndipo ambiri adatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa.

Ku Kasungu chigamulo chotere chidali cholemera koposa. Kumeneku nkwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, komwe adamangako sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya idafalikira m'zigwa za bomali, ina ya kampani ya Press, yomwe mwini wake adali Kamuzu yemweyo, ina ya akuluakulu a chipani. Wogwira ntchito pa esiteti kapena tenanti ankakhala pa malo a mwini munda, kudya chimanga cha ngongole, kudikira malipiro fodya akagulitsidwa. Kwa munthu wotere kukana khadi kudali kutaya ntchito, nyumba ndi chakudya tsiku limodzi.

Nthawi yonseyi mipingo ikuluikulu, wa Katolika ndi wa CCAP womwe, idakhala chete pagulu. Mpingo wa Katolika udali ndi zifukwa zake zochitira mantha. Mu 1960, pomwe padabadwa chipani cha Christian Democratic Party cha Chester Katsonga, a MCP adaloza chala Arkiepiskopi John Baptist Theunissen kuti ndiye adali kumbuyo kwake, ndipo kuchokera pamenepo mpingowo udadzipatula pa ndale nkulimbikira za sukulu ndi zipatala. Komanso a Mboni ankadzudzula mipingo ina m'maulaliki awo, choncho adalibe abwenzi ambiri. Zifukwazi nzomveka, koma sizichotsa mfundo yakuti anthu ankaphedwa abusa akuona.

Kalata ya 1992 sidatchule dzina la Mboni za Yehova. Komabe idakhudza gwero la mazunzo awo: idadandaula kuti anthu akukanizidwa kulowa m'misika, m'zipatala ndi m'madepoti a basi chifukwa chosowa khadi, kuti ena akutsekeredwa osazengedwa mlandu, ndi kuti zopereka zokakamiza zafika pozolowereka. Idanenanso za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika yogulira mbewu za alimi, nkhani yomwe tenanti wa fodya sankafuna womumasulira.

Boma la Kasungu lili m'madayosizi awiri, choncho awiri mwa osayina kalatayo adali abusa ake. Mbali yaikulu idali m'manja mwa Episkopi Matthias Chimole wa Lilongwe, pomwe kumpoto, cha ku Nkhamenya, nkwa dayosizi ya Mzuzu, yomwe inkatsogozedwa ndi Monsinyo John Roche, wansembe wa ku Ireland.

Tsopano mantha omwe a Mboni ankawadziwa bwino adagwera Akatolika. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, adafunsidwa kwa maola ambiri ndi apolisi ku Blantyre. Boma lidalengeza kuti kalatayo njoukira, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Pamsonkhano wadzidzidzi wa chipani ku Lilongwe ena adanena poyera kuti maepiskopiwo aphedwe. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, komwe kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa, ndipo mu Epulo Roche adapitikitsidwa m'dziko muno. Kusiyana kwake kudali kwakuti Akatolika adali ochuluka, adali ndi Vatican kumbuyo kwawo, ndipo maiko opereka thandizo, nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, adalibenso chifukwa chotetezera Kamuzu. Mu Meyi 1992 maikowo adaimitsa thandizo la chitukuko.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri. Kasungu, monga maboma ambiri a chigawo chapakati, adavotera chipani chimodzi, ndipo Sinodi ya Nkhoma, yomwe ili ndi mphamvu kumeneko, idali itakana kuyenda limodzi ndi mipingo ina pofuna kusintha. Chiletso cha Mboni za Yehova chidachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'ndime 33, adatsimikizira ufulu wa chipembedzo kwa munthu aliyense.