Kuchokera pa Kaseti Kufika pa Fulashi: Makina Oonetsera Mafilimu ku Chongwe

Makina oonetsera mafilimu akhala akufika ku Chongwe kudzera ku Lusaka. Tauniyi ili pamsewu wa Great East, pafupifupi makilomita 45 kum'mawa kwa mzindawu, choncho katundu akangotsika m'masitolo a ku Kamwala ndi ku City Market sachedwa kukwera minibasi. Vuto limene layenda ndi makina amenewa chiyambire ndi limodzi: filimu ili m'manja, koma makina akuikana.

Oyamba kufala anali makaseti a VHS, amene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 munthu wokhala ndi deki, TV ndi jenereta ankaika mabenchi m'kachipinda n'kumalipiritsa pakhomo. Tepi ikada, chithunzi chinkachita mizeremizere, ndipo mwini malo ankavundukula deki n'kupukuta mutu wake ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, oonera akudikira. Kukana kwa makina kunayamba nthawi yomweyo. Zambia inkagwiritsa ntchito njira ya PAL pomwe America inali pa NTSC, motero kaseti yochokera kumeneko inkaonetsa chithunzi chogudubuzika kapena chopanda mtundu.

Kenaka kunabwera zimbale. VCD, ya mu 1993, inkasunga kanema m'njira ya MPEG-1 ndipo inkadzaza ikafika mphindi pafupifupi 74, n'chifukwa chake mafilimu ambiri, kuphatikizapo a ku Nigeria, ankabwera pa zimbale ziwiri. DVD inatuluka mu 1996 ndi MPEG-2, chithunzi chowala bwino, koma eni mafilimu anagawa dziko lonse m'zigawo zisanu ndi chimodzi, n'kulamula kuti chimbale cha chigawo china chisamasewere pa deki ya chigawo china. Zambia inagwera m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2. Lamuloli silinapite patali kuno, pakuti madeki otchipa a ku China ankangolandira chimbale chilichonse. Mdani weniweni anali fumbi ndi kukalika: filimu inkaima pakatikati, wina n'kutulutsa chimbale, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta pa malaya n'kuchibwezera.

Chisokonezo chachikulu chinadza madeki atayamba kukhala ndi polowetsa fulashi. Dzina lakumapeto kwa fayilo, kaya AVI, MP4 kapena MKV, lili ngati thumba chabe. Chimene deki imawerenga ndi za m'kati mwake, ndiye kuti codec, njira imene kanema anapanikizidwira kuti achepe. Madeki ambiri a nthawi imeneyo amadziwa DivX ndi Xvid m'fayilo ya AVI basi. Akapatsidwa kanema wa H.264, wa mu 2003, kapena H.265, wa mu 2013, amalemba kuti fayiloyo saidziwa. Nthawi zina mawu amamveka chithunzi palibe, kapena chithunzi chimayenda koma kuli zii, chifukwa mawu nawo ali ndi codec yawoyawo. Fulashi nayonso ili ndi malire: madeki akale amawerenga ya FAT32, imene silandira fayilo yoposa 4 GB.

Apa ndi pamene panabadwira ntchito ya anyamata okhala ndi kompyuta pamsika, oika mafilimu ndi nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemori kadi. Wodziwa ntchito sathamangira kukopera. Amayamba wafunsa kuti, "Mukaonera pa chiyani?" Akamva kuti ndi deki, amasandutsa filimuyo kukhala AVI ya chithunzi chochepa, ikakhala foni yamabatani, 3GP. Uwu ndi umisiri ndithu, ngakhale ambiri amauona ngati kungodina mabatani.

Mu 2013 boma linayamba kuika chizindikiro cha hologram pa zimbale zovomerezeka pofuna kuthana ndi zokopera, koma malonda anali atayamba kale kusamukira ku mafayilo, amene alibe pomata chizindikiro. Lero mafoni amakono amasewera pafupifupi fayilo iliyonse ndipo zipinda zambiri zoonetsera zinatembenukira ku mpira wa pa DStv. Kumidzi kumene anthu amadalira sola, deki ndi ka TV kolowetsa fulashi zikugwirabe ntchito, ndipo AVI ikufunidwabe.