Chiyambi cha Dzina la Pitcher

M'masewera a baseball ku America woponya mpira amatchedwa pitcher, koma dzinali linabadwa ntchito yake ili ina. Malamulo a kalabu ya Knickerbocker ya ku New York, a m'chaka cha 1845, anafuna kuti mpira uponyedwe dzanja likuchokera m'munsi, ndipo kuponya kotereku ndiko kunkatchedwa pitch m'Chingerezi. Woponyayo anali ngati woperekera chabe. Mu 1884 bungwe la National League linalola kukweza dzanja kupitirira phewa, ngakhale kufikira 1887 womenya anali kulamulabe yekha, modabwitsa ndithu, kuti mpira umdzere m'mwamba kapena m'munsi. Lero pitcher ndiye mdani wa womenya, ndipo mpira wa akatswiri umapyola makilomita 150 pa ola, koma dzina lakale lija akali nalo.