Namulondola amene anakana jakisoni

Mafilimu a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse amakonda woyendetsa ndege ndi uja wa mfuti. Munthu wokhala kumphuno kwa ndege, pa katebulo kodzaza mapu, pensulo ili m'manja, palibe amamulabadira. Azungu amati navigator, ine ndingomuti namulondola. Ndikufuna ndikambe za mmodzi wa iwo, Robert Femoyer.

Femoyer anabadwa pa 31 Okutobala 1921 ku Huntington, m'chigawo cha West Virginia ku America. Nkhondo itavuta anasiya maphunziro ake ku Virginia Polytechnic Institute n'kulowa usilikali. Mtima wake unali pa kuyendetsa ndege, koma maphunzirowo sanamuyendere, basi anamupatsa mapu. Mu 1944 anafika ku Rattlesden ku England, m'gulu la 447th Bomb Group lomwe linkauluka ndi ndege zoponya mabomba za B-17.

Ntchito yakeyo tiimvetse kaye. Kunalibe GPS nthawi imeneyo. Namulondola ankatenga liwiro la ndege, nthawi yomwe yadutsa, komwe kampasi ikuloza ndi mmene mphepo ikukankhira, n'kuwerengetsa kuti tsopano tili apa. Masamu okhaokha, m'chisanu choumitsa zala, mpweya akupumira m'chigoba cha kumaso. Akaphonya pang'ono, ndege imakatulukira pamwamba pa mizinga ya adani, kapena mafuta n'kuthera panyanja.

Pa 2 Novembala 1944, patangopita masiku awiri chikwanitsireni zaka 23, anatumizidwa ku Merseburg. Kumeneko kunali fakitale ya Leuna, yomwe inkapanga mafuta kuchokera ku malasha. Germany inalibe zitsime zokwanira za mafuta, ndiye fakitaleyi ankailondera ndi mizinga mazanamazana, moti anyamata a ndege ankachita nthumanzi akangomva dzina lake. Tsiku limenelo America inataya ndege zoponya mabomba pafupifupi 40.

Ndege ya Femoyer inalasidwa katatu pafupi ndi Merseburg, ndipo zidutswa za chitsulo zinamulowa m'nthiti ndi kumsana. Ndegeyo inatsalira yokha, gulu lonse litapita. Anzake anatulutsa morphine, jakisoni wopha ululu uja, koma iye anakana.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira. Morphine amachotsa ululu, inde, koma amabweretsa tulo ndi chizumbazumba, ndipo munthu wosinza sangawerengetse mphepo. Mwendo, mkono, msana, zonsezo ndegeyo sinkazifuna kwa iye. Inkafuna mutu wake wokha, ndipo kuti mutuwo ukhale maso anayenera kuumva ululu wonse. Kudzuka pansi sakanatha, choncho anapempha anzake amutsamiritse kuti aziona mapu ndi zipangizo zake. Kwa maola awiri ndi theka, magazi akutayika, ankauza woyendetsa kolowera kuti azembe malo a mizinga. Taganizani, enafe dzino lokha likamawawa sitingathe ngakhale kuwonkhetsa chenji cha pa golosale.

Atafika pamwamba pa nyanja ya English Channel m'pamene analola kuti amubaye jakisoniyo. Ndege inatera ku England, anzake ali moyo. Iye anamwalira atangomutulutsa.

Sindikufuna kuyeretsa nkhondo ya mabombayi. Pansi pa ndege zija panali anthu wamba a ku Merseburg, komanso akapolo ochokera m'mayiko ena omwe boma la Hitler linkawagwiritsa ntchito mokakamiza ku Leuna. Mabomba sankasankha, ndipo masamu omwewo amene anabweza ndege kwawo ndi amene anaifikitsa pamwamba pa anthuwo. Komabe ndimaona kuti maola awiri ndi theka aja ndi nkhani payokha, chifukwa pamenepo panalibenso woti aphedwe, panangotsala anyamata ofuna kufika kwawo.

Mu 1945 boma la America linamupatsa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse pa usilikali kumeneko, iye ali kale m'manda. Sukulu yake ija inatcha nyumba ina yogona ophunzira kuti Femoyer Hall. Thupi lake linaikidwa ku Jacksonville, ku Florida.