Munthu Wachisanu ndi Chimodzi

Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 17, wamtali ngati mtengo wa magetsi. Madzulo aliwonse amakaponya basketball pakabwalo ka simenti kuno ku Kafue Estates. Mwezi watha mayi wina wokazinga chipisi m'mbali mwa msewu wopita ku Lusaka anamuitana kuti azimuthandiza Loweruka, iye n'kukana. Akuti anzake a timu akamuona atavala epuloni adzamuseka mpaka Khirisimasi. Tsikulo ndinasowa chomuyankha. Lero ndamupezera mbiri ya Junior Bridgeman.

Dzinali si lotchuka m'makomboni mwathu ngati la Michael Jordan kapena LeBron James, ndipo sindikudabwa. Bridgeman anabadwa mu 1953 ku East Chicago, m'chigawo cha Indiana ku America, tauni ya mafakitale a zitsulo. Bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale yotero. Ife a ku Kafue, amene tinakulira pakati pa Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles, ndipo manje tili ndi fakitale yathu ya zitsulo, tauni yamtunduwu timaidziwa fungo lake: mwana amakula akudziwa ola limene shifiti imasintha asanadziwe kuwerenga wotchi.

Mpira unamutulutsa kumeneko. Mu 1971 timu ya sukulu yake inapambana masewero onse 29 a chakacho. Anapita ku yunivesite ya Louisville, ndipo mu 1975 a Los Angeles Lakers anamusankha kulowa mu NBA. Sanawasewerere ngakhale tsiku limodzi. A Lakers ankafuna chimphona Kareem Abdul-Jabbar, ndiye anapereka anyamata anayi kwa Milwaukee Bucks posinthanitsa. Bridgeman anali mmodzi wa anayiwo, ngati chenji.

Anasewera zaka 12, khumi ku Bucks ndi ziwiri ku Clippers. Nthawi zambiri sankayamba masewero. Timu imalowa m'bwalo ndi anthu asanu, iye anali wachisanu ndi chimodzi, wodikira pabenchi mpaka wina atope. Akalowa, ankagoletsa ndithu: mapointi 11,517 pa moyo wake wonse wa mu NBA. Masewero 711 amene anasewerera Bucks palibe anawapitirira mpaka Giannis Antetokounmpo mu 2023. Komabe malipiro ake apamwamba anali madola 350,000 pachaka. Kwa ife n'zambiri zedi, koma sizinali ndalama zoti munthu wosiya ntchito ali ndi zaka 33 akhale pansi n'kumadya mpaka imfa.

Apa ndi pamene ndikufuna mphwanga amvetsere. Nyengo ya mpira ikatha, anzake akupumula, Bridgeman ankapita kukaphunzira ntchito ku Wendy's, malo ogulitsirako mabaga ndi chipisi. Atasiya kusewera mu 1987 anagula malo a Wendy's asanu ku Milwaukee, mzinda womwewo umene ankamuombera m'manja, ndipo sanakhale mu ofesi kudikira lipoti. Ankaima kukhitchini ndi pakauntala pamodzi ndi antchito ake. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya kasitomala wina amene anamuzindikira ali pantchito, n'kuimbira foni pa wailesi kudandaula kuti n'zachisoni kuona katswiri wakale wagwa chotere. Sanadziwe kuti womupatsa chakudyayo ndiye mwini malowo.

Ine nkhani imeneyi imandiseketsa, komanso imandibaya. Bambo anga ntchito yawo ya kufakitale itatha, anakhala pafupifupi chaka akuvala malaya ositidwa bwino m'mawa uliwonse n'kumangokhala pakhonde, chifukwa kuima pakantemba kunali kochititsa manyazi kwa munthu amene anali kapitawo. Anatidyetsa ndi amayi, ndi tomato ndi kapenta. Sindikuwaweruza bambo. Maso a komboni ndi akuthwa, ndipo ndawathawapo inenso.

Malo asanu aja anakula n'kupitirira 450, a Wendy's ndi a Chili's. Mu 2016 anayamba kuwasiya, ndipo mu 2017 anakhala mwini wa Heartland Coca-Cola, kampani yothira ndi kugawa zakumwa ku Kansas, Missouri ndi Illinois. Mu December 2020 anagula Ebony ndi Jet, magazini akale a anthu akuda a ku America amene anali atagwa m'ngongole, pa madola 14 miliyoni. Mu September 2024 anagula gawo limodzi mwa magawo khumi a Milwaukee Bucks, timu imene inamulandira ngati chenji ija.

Ndisakunamizeni, madola 350,000 ndi poyambira pamene mwana wa ku Shikoswe kapena Zambia Compound alibe, ndipo banki imamwetulira munthu wa NBA mosiyana ndi mmene imayang'anira iwe ndi ine. Mbiriyi si mankhwala a umphawi. Chimene ndatolamo n'chaching'ono: munthu amene jezi yake nambala 2 inapachikidwa mwaulemu m'bwalo la Bucks mu 1988, m'zaka zomwezo ankaima pambali pa mafuta otentha mumzinda umene aliyense ankamudziwa nkhope.

Anamwalira pa 11 March 2025 ku Louisville, atadwala mwadzidzidzi pamwambo wosonkhetsa ndalama zachifundo, ali ndi zaka 71. A Forbes anali atangomuwerengera chuma cha madola 1.4 biliyoni.

Dzulo ndinadutsa kwa mayi wa chipisi uja. Malo a Loweruka anapatsa mnyamata wina wa ku Nangongwe.